Zokambirana za Loweruka: ofufuza ndi makampani a intaneti

Moni nonse a m'gulu. Loweruka likubwerali tikumana pa Zoom 7 koloko madzulo, nkhani yake ndi ya mgwirizano wa ofufuza ndi makampani polimbana ndi zauchigawenga komanso mabodza pa intaneti.

Tiyambira pa GIFCT, bungwe lolimbana ndi zauchigawenga pa intaneti lomwe anayambitsa a Facebook, Microsoft, Twitter ndi YouTube mu 2017. Iwowa amagawana ma hash, kanambala kozindikiritsa chithunzi kapena vidiyo, ndiye kampani imodzi ikachotsa vidiyo ya zigawenga enawo amaizindikira wina akangoiponya kwawo. Koma pa 15 Malichi 2019 ku Christchurch, m'dziko la New Zealand, munthu anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri, za mu mzikiti woyamba akuulutsa live pa Facebook, anthu n'kumaidula vidiyoyo, kusintha mtundu, kujambulanso pa skirini kuti makina asaigwire, moti a Facebook okha anati anachotsa makope 1.5 miliyoni tsiku loyamba lokha. Kenako mu 2020 kunabwera GNET, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi ICSR, nthambi ya ku yunivesite ya King's College London yofufuza momwe anthu amalowera m'zauchigawenga, ndalama zake zochokera ku GIFCT komweko.

Apa mpamene ndikufuna tikangane bwinobwino, wofufuza angadzudzuledi kampani yomwe ikumulipira? Ineyo ndimakaikako pang'ono. Chinanso, hash siimva voice note ya Chichewa yoyenda pa WhatsApp.

Amene muli ndi zitsanzo za mauthenga abodza bwerani nazo koma fufutani maina ndi manambala a anthu, mavidiyo a zachiwawa ayi chonde. Link nditumiza Lachisanu, bando muguliretu.