Lipoti la msonkhano wa ku Chipata wa za kakulidwe ka ana

A Tcheyamani, anduna, amayi ndi abambo a komiti yathu ya zaumoyo, ndabwerako ku Chipata kumene munandituma. Tinakhala masiku atatu pamodzi ndi odzipereka anzathu a ku Katete, Chadiza, Vubwi ndi Lundazi. Malisiti a basi ndi a malo ogona ndapereka kale kwa asungichuma, choncho amene ankanena kuchigayo kuti ndapita kukadya alawansi akawaone kumeneko.

Tsiku loyamba linathera m'malonje ndi kudzaza mafomu. Za magulu a zakudya ndi zomwe zija timaimba kale pa sikelo.

Tsiku lachiwiri ndilo linandigwira mtima. Mphunzitsi, mayi wothandiza ana ofooka ziwalo, anatifunsa chimene timayang'ana pa sikelo. Tonse tinayankha kuti kulemera. Anafunsanso ngati mwana wonenepa bwino sangakhale wosamva. M'holo munangoti zii. Ine ndapachika ana pa sikelo zaka 7, koma sindinafunsepo mayi ngati mwana wake amacheuka akamuitana dzina.

Zoyang'anazo sizovuta. Mwana wa miyezi 4 azilimbitsa khosi. Akafika miyezi 9 asanakhale yekha, kapena miyezi 18 asanayende, apite kukiliniki. Wa chaka chimodzi azicheuka akaitanidwa, wa chaka ndi theka aziloza ndi chala chimene akufuna, wa zaka ziwiri azilumikiza mawu awiri, monga "amama madzi". Chimene mphunzitsiyo anabwereza katatu n'chakuti mwana amene ankayankhula kapena kuyenda n'kusiya, ameneyo sadikira tsiku la sikelo. Kuvuta ndi kugubuduka pansi kwa mwana wa zaka ziwiri si matenda ayi. Koma amene sayang'ana munthu m'maso, sasewera ndi anzake, amangobwereza chinthu chimodzi tsiku lonse, aonedwe ndi odziwa, asamangokwapulidwa.

Za chikasu ndinazimva koyamba. Khanda likachita chikasu kwambiri masiku oyambirira, bongo umatha kuvulala, n'kudzakhala losamva kapena louma ziwalo. Malungo a m'bongo ndi matenda oumitsa khosi amachitanso chimodzimodzi, ndiye mwana akachira tizimuyesabe ngati akumva. Ndinakumbukira ana angapo kwathu kuno amene tinati anawaponda ndi mankhwala, tinadanitsa mabanja, pomwe anadwala malungo tonse tikuona. Khunyu nalonso silipatsirana, lili ndi mankhwala kuchipatala, ndipo supuni ija timaika m'kamwa tisiye. Mwana akagwa, mugonekeni cham'mbali, kutali ndi moto.

Msonkhano unagwirizana kuti ife odzipereka tisamatchule dzina la matenda, ntchito yathu ndi kuona ndi kutumiza kukiliniki, ndipo a kiliniki ndiwo alembe kalata ya ku chipatala cha Chipata Central kapena cha St Francis ku Katete. Apa ndinavomereza ndi mtima wonse. Pomwe sindinagwirizane nawo ndi pa fomu ya mafunso a kakulidwe ka ana, imene ili m'Chingerezi chokhachokha. Ndinaimika dzanja n'kunena kuti agogo amene amabwera ndi adzukulu sangaimve, ndipo ife tomwe tidzamasulira aliyense mwa iye yekha. Anati amva. Tiona.

Ena a inu mudzati, "adzayankhula, atate ake anachedwanso." Mwina. Koma ngati vuto ndi makutu, chaka chilichonse chodikira mwana amataya nthawi yophunzira chinenero, pomwe sukulu ya ana osamva ndi osaona ili pa Magwero pompa. Ndikupempha kuti pa sikelo pakhale mphasa pambali, munthu mmodzi azicheza ndi mayi aliyense pamene ena akulemba makadi. Abambo, amene mumasunga ndalama ya basi ndinu, mubwere mudzamve nokha.

Mphasayo imafuna munthu wachitatu, ndipo apa ndinene poyera. Miyezi itatu yapitayi sikelo takhala tikuyendetsa awiri okha, koma maina a pa mndandanda wopita kumisonkhano ndi asanu ndi limodzi. Njinga ya komiti, imene inabwera kuti tiziyendera ana m'midzi, ndinaiona itanyamula makala pa msewu wa ku tauni tsiku lomwe ndinkapita. Sinditchula munthu. Pali ana atatu amene ndikufuna kukawaona sabata ino, mmodzi kutsidya kwa dambo, ndipo wapansi sindingathe.

Tsiku lachitatu linali la zithunzi ndi masatifiketi. Mapepala amene anatipatsa ndawasiya kwa alembi. Loweruka tikakumana, nkhani ya njinga ikhale yoyamba.