Chilengezo: Musanaike Bacula Yatsopano, Sungani Kaye Catalog

Mamembala nonse a gulu lathu la oyang'anira maseva,

Ambiri mwa ife tikukonzekera kuika Bacula (pulogalamu yosungira makope a deta) yatsopano mwezi uno. Chonde, musanakhudze kalikonse, sungani kaye catalog. Iyi ndi database yomwe imakumbukira fayilo iliyonse yosungidwa komanso tepi kapena diski imene fayiloyo ili. Mukangoyendetsa update_bacula_tables (script yokonza catalog kuti igwirizane ndi Bacula yatsopano), kamangidwe ka matebulo a catalog kamasintha, ndipo kubwerera m'mbuyo kumatheka pokhapokha muli ndi kope lakale. Imitsani Director (gawo la Bacula loyendetsa ntchito zonse), kenako tengani kope ndi pg_dump ngati muli pa PostgreSQL, kapena mysqldump ngati ndi MySQL. Catalog ikatayika, mudzakakamizika kuwerenganso matepi onse ndi bscan (chida chomangiranso catalog), ntchito yotopetsa kwambiri pomwe deta ndi yochuluka.

Koperaninso foda yonse ya /etc/bacula pamodzi ndi mafayilo a bootstrap (osonyeza pomwe deta ili pa tepi kapena diski). M'fodamo muli mapasiwedi, choncho musatumizirane makopewa pa WhatsApp.

Makopewa asakhale pa seva yomwe mukuisinthayo, ndipo muyambe mwayesa kubwezeretsa catalog pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti ikutseguka.

Director ndi Storage Daemon (gawo lolemba deta pa tepi kapena diski) zisinthidwe tsiku limodzi. File Daemon, gawo lokhala pa makompyuta omwe deta yake imasungidwa, ikhoza kudikira.

Zikomo,
Komiti ya gulu