Kwa amayi, za tindege ta kuntchito kwanga kuno ku Joni

Okondedwa amayi,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Ine kuno ndili bwino, chifuwa chija chinatha. Ndamva kuti dzuwa lakula kwambiri ku Ngabuko, moti anthu akugona pabwalo. Muzimwa madzi ambiri, ndipo kumunda muzipita m'mamawa mokha. Ndikudziwa kuti amene akuwerenga kalatayi ndiwe mng'ono wanga. Uwawerengere amayi yonse, usalumphe pomwe pakunena za iwe.

Achemwali anandiuza pafoni kuti tulo simukuliona chimvereni kuti ndinakwera kandege, komanso kuti mng'ono wangayu wayamba kunena zofuna kudzakhala payiloti. Mantha anuwo ndikuwamvetsa. Tonse tikukumbukira pa 10 Juni 2024 pomwe ndege ya asilikali inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, n'kutenga miyoyo ya a Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Ifenso kuno tinalira, Amalawi tinakhala usiku wonse tili pamafoni. N'chifukwa chake ndati ndikulembereni bwinobwino zomwe maso anga akuona, poti pafoni mayunitsi sachedwa kutha.

Ntchito yanga ndi ya pansi, pasukulu yophunzitsa kuyendetsa ndege. Ndimatsuka tindege, kutikankha potitulutsa m'shedi, kuthira mafuta, ndi kutimangirira ndi zingwe madzulo kuopa mphepo. Tambiri ndi ta mtundu wa Cessna 172, ta mipando inayi, ndipo tiwiri ndi Cessna 152, ta mipando iwiri yokha. Ta 152 anasiya kupanga mu 1985, ndiye kuti n'takale kuposa ine. Poyamba ndinkati tindege tokalamba choncho n'tomwe timapha anthu. Koma lamulo la kuno limati ndege ikauluka maola 100 iyenera kulowa kwa amakaniko, aisegule, aione paliponse, asayinire m'buku. M'zaka zinayi zomwe ndakhala pano, zomwe ndaona zikuwononga ndege nthawi zambiri si ukalamba wake ayi. Ndi changu cha munthu, kuiwala kanthu kakang'ono, ndi manyazi obwerera m'mbuyo.

Ndiyambe ndi mafuta, poti ndiwo ali m'manja mwanga. Mafuta ake si petulo wa galimoto, amawatcha avgas, ndipo amakhala obiriwira ngati thambo. Matanki ali m'mapiko, pamwamba pa mutu. Mvula ikagwa usiku, chivundikiro chikakhala kuti labala wake watha, madzi amalowa pang'onopang'ono. Madzi ndi olemera kuposa mafuta, choncho amakhala pansi pa thanki, pomwe injini imayambira kukoka. Ndiye lamulo n'lakuti ndege isanadzuke, woyendetsa atenge kabotolo koonekera, akhame mafuta pang'ono pansi pa phiko lililonse, akaunike padzuwa. Tsiku lina mu Januwale, kutagwa mvula yamphamvu, mnyamata wina wophunzira anabwera mochedwa, mphunzitsi wake akumudikira. Anazungulira ndege mothamanga, kabotolo kali m'thumba. Ndinamugwira mkono n'kumuuza kuti akhame kaye. Anakhama monyinyirika. Pansi pa kabotolo panakhala madzi oyera mbee, kutalika ngati chikhadabo changa, mafuta akuyandama pamwamba. Tinakhama kasanu madziwo asanathe. Mnyamatayo anangokhala chete, milomo itauma. Madzi amenewo akadafika mu injini ndege itangonyamuka, ili chapamwamba pa madenga a nyumba, malo oterapo pakadakhala palibe. Chiyambire tsiku limenelo amandipatsa moni wa manja awiri.

Ena mafuta amawathera m'mwamba. Geji ya tindegeti siyodalirika, imatha kuonetsa theka pomwe mwatsala pang'ono. N'chifukwa chake timakwera pamakwerero ndi kandodo kolembedwa manambala, n'kukaviika m'thanki monga mmene mumayezera madzi m'mtsuko.

Ngozi zomwe zimachitika kawirikawiri ndi za potera. Izi sizipha anthu kwenikweni, koma zimathyola ndege. Wophunzira akauluka ndi mphunzitsi kwa maola angapo, limafika tsiku loti mphunzitsi amatsika, amatseka chitseko, n'kumusiya yekha kuti azungulire bwalo kamodzi. Tsiku limenelo tonse timasiya ntchito kuti tionerere. Chaka chatha mtsikana wina pa ulendo wake wachiwiri wa yekha anabwera ndi liwiro lochuluka. Ndegeyo inagunda pansi n'kudumpha. M'malo mowonjezera moto kuti akwerenso, akazungulire n'kuyesanso, iye anaikakamiza kuti itsike. Inagunda ndi tayala la kutsogolo, inadumphanso kuposa poyamba, kachitatu mwendo wa kutsogolo unathyoka. Ndinamva pulopela ikukhula phula, phokoso lomwe sindidzaliiwala. Tinathamanga ndi zozimira moto. Mtsikanayo anatuluka yekha wopanda bala, malamba atamugwira, koma miyendo ikunjenjemera moti tinachita kumukhazika pa udzu. Atafunsidwa, anati ankaopa kuti anzake amuseka akalephera kutera koyamba. Amayi, pulopela inapindika, injini inachotsedwa kukaunikidwa, ndege inakhala m'shedi miyezi itatu, chifukwa cha manyazi basi. Aphunzitsi pano amanena tsiku ndi tsiku kuti kukwereranso sikulephera, koma mtima wa mwana sumva msanga.

Yomwe imapha ndi ina. Phiko limanyamula ndege pokhapokha mphepo ikuyenda bwino pamwamba pake. Liwiro likachepa kwambiri, mphuno ili yokwera, phiko limasiya kugwira, ndipo ndege imagwetsa mutu. Izi zikachitika kumwamba kwenikweni palibe vuto, amaziphunzira dala kumeneko ndi mphunzitsi, amatsitsa mphuno n'kubwezeretsa liwiro. Choopsa n'chakuti zichitike pokhota komaliza poyang'ana msewu woterapo, ndege ili kale pafupi ndi nthaka. Wophunzira akaona kuti wapitirira mzere, amakhota mokakamiza, phiko limodzi limagwa, ndege imazungulira ngati tsamba, ndipo mpata woiwongola sukhalapo. Muli kalipenga kamene kamalira kuchenjeza, koma munthu wamantha amakoka chiwongolero m'malo mochikankha. Iyi sindinaionepo ndi maso, ndipo ndimapemphera ndisadzaione.

Kunonso kuli vuto lomwe kwathu kuchigwa kulibe. Nsanje ili pansi kwambiri, pafupifupi mofanana ndi nyanja yamchere, koma Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,600. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo kukatentha masana umapepukiratu. Injini imachepa mphamvu, ndege imathamanga mtunda wautali isanadzuke, ndipo ikadzuka imakwera mwaulesi. Cessna 152 siyenera kupitirira makilogalamu 757 yonse pamodzi, ndiye amuna awiri onenepa akakwera, sindithira matanki kudzaza. Zili ngati bwato la pa Shire, mwini wake akadziwa kuti madzi ndi ambiri amatsitsa matumba ena ngakhale okwera akalipe. Chodabwitsa china n'chakuti mu kabureta, momwe mafuta amasakanikirana ndi mpweya, mumatha kuundana madzi ngakhale kunja kuli kofunda, makamaka mpweya ukakhala wachinyezi, ndipo injini imayamba kutsamwa. Pali kachitsulo kokoka kolowetsa mpweya wotentha. Kuiwala kameneka kwateretsa ndege zambiri m'minda ya anthu.

Kuwombana m'mwamba nakonso kumachitika, poti tindege tophunzirira timaunjikana malo amodzi. Mu Epulo 2021 tiwiri tinawombana usiku kufupi ndi Grasmere, kumwera kwa Johannesburg, anthu anayi anamwalira. Pa 5 Malichi 2024 ku Nairobi, Cessna 172 yophunzirira inawombana ndi ndege yonyamula anthu, mphunzitsi ndi wophunzira wake anafa, ndege yaikuluyo inabwerera n'kutera bwino. N'chifukwa chake pa wayilesi salekeza kulankhula, aliyense kunena pomwe ali.

Za mitambo ndinene mwachidule, poti ndizo zinatipweteka ku Chikangawa. Munthu akalowa mumtambo osaona nthaka, thupi limamunamiza, amaganiza kuti ali chilili pomwe wapendekeka. Ophunzira atsopano saloledwa n'komwe kuyandikira mitambo. M'dzinja kuno mabingu ndi matalala amabwera cha m'ma 3 koloko masana, ndipo ndikangoona kumwera kwada ndimayamba kukankhira tindege m'shedi osadikira kuuzidwa. Amene amavutika ndi aja afulumira kuti akafike kwawo, kapena alipira kale ndipo sakufuna kutaya tsiku.

Ulendo wanga uja unali wa mphindi 30 zokha, m'mamawa kunja kuli bata, ndi mphunzitsi wamkulu wa pano, bambo wa imvi amene amawerenga mndandanda wa zoyendera mokweza ngakhale wakhala akuuluka zaka zambiri. Nditayang'ana pansi ndinaona minda yothirira yozungulira, ndipo ndinakumbuka nzimbe za ku Nchalo ndi kandege kopopera mankhwala komwe tinkakathamangira tili ana. Misozi inalengeza m'maso, amayi, osati ya mantha, koma yopukwa kwathu.

Tsopano iwe mng'ono wanga. Sindikuletsa maloto ako. Chiphaso choyamba kuno chimafuna maola osachepera 45 ouluka, kuphatikiza mayeso olemba a nyengo, malamulo ndi mapu, zonse m'Chingerezi, ndipo ndalama zake n'zochuluka kuposa zomwe ine ndimapeza pachaka. Yamba wakhoza masamu ndi fizikisi pa Fomu 4, zinazo tidzakambirana ndikabwera. Koma ndamva kuti njinga yamoto ya malume umaiyendetsa usiku nyali itafa, ndipo unatsika nayo pa Thabwa mabuleki akulira. Zimenezo zikundidetsa nkhawa kuposa ndege iliyonse. Pano munthu wotero mphunzitsi samusiya yekha m'ndege. Konzetsa nyaliyo sabata ino, ndalama yake ndaikamo.

Ndatumiza ndalama kudzera ku Mukuru m'dzina la achemwali. Mugule malata anayi otsala aja mvula isanayambe, ndipo maziko a khola muwakweze, paja madzi a Freddy anatiphunzitsa pomwe amafika. Zotsalazo mugule mbewu ya mapira ndi mankhwala anu a kuthamanga kwa magazi, musawadukize. Ngati abwana avomera, ndibwera pa Khisimisi pa basi. Mundisungire mlamba wowamba, kuno nsomba zake sizikoma. Mupereke moni kwa malume ndi azakhali, kwa a mfumu, ndi kwa amayi a Mvano omwe amandipempherera.

Ine mwana wanu,
woyamba kubadwa