Kalata ya Abusa: Za Amayi Athu Amene Akutsogolera Sukulu

Okondedwa mwa Ambuye, akulu ampingo, atumiki, amayi a Chigwirizano, abambo ndi achinyamata nonse, mtendere ukhale nanu.

Loweruka lapitalo madzulo kunyumba kwathu kunafika mayi mmodzi wa mpingo uno. Dzina sinditchula, koma andilola kukamba nkhani yawo. M'manja anali ndi kalata yowakweza kukhala mphunzitsi wamkulu. Ine ndinkati tiyambe nyimbo yoyamika, koma iwo anati, "Abusa, mundipempherere, ndikufuna ndikakane."

Mayiwa amadzuka 4 koloko m'mawa kukoleza mbaula, kutereka madzi osamba ndi phala la ana. Kuti afike kusukulu amakwera minibasi ziwiri, kusinthira kudepoti. Kumeneko ndi Madamu, ana oposa 100 m'kalasi imodzi amati zii iwo akangolowa. Usiku magetsi akazima amachonga makope ndi tochi ya foni. Akapita kumudzi kwa amuna awo amamanga chitenje, kugwada popereka madzi kwa apongozi, ndipo amatero mosanyinyirika. Komabe alamu awo anawalasa mawu pamaliro, ati mkazi akakhala hedi ndiye kuti pakhomo padzilira belu.

Zimenezo akanapirira. Chimene chinawafoola ndi ife. Chigwirizano chathu chimakumana Lachinayi 2 koloko masana, iwo ali kuntchito, ndipo dzina lawo lakhala likuwerengedwa pa ojomba. Ineyo tsiku lina ndili pagome ndinanena kuti ena ntchito yasanduka mulungu wawo. Sindinkaganiza za iwo, koma anthu anatembenuka kuwayang'ana. Ndinalakwa, ndawapepesa, ndipo ndikupepesanso amayi ena amene mawu aja anawabaya.

Tisaiwale kuti Malemba sadabwa ndi mayi wotsogolera. Debora anali mkazi wa Lapidoti, komanso ankaweruza Israele yense. Mfumu Yosiya atafuna kumvetsa buku la chilamulo, nduna zake zinapita kwa Hulida, mayi wapabanja. Apolo, mlaliki wodziwa kuyankhula, anawongoledwa ndi Priskila pamodzi ndi mwamuna wake Akula. Onani kuti m'Malembamo amuna a amayiwa akutchulidwa mayina, ndipo palibe pamene akudandaula kuti achepetsedwa.

Mu 1904 ku Daytona, m'chigawo cha Florida ku America, mayi wachikuda Mary McLeod Bethune, wobadwa kwa makolo amene anali akapolo, anatsegula sukulu ndi atsikana 5 ndi ndalama zokwana $1.50 basi. Kamwana kake kakamuna kanali momwemo m'kalasi. Sukuluyo lero ndi yunivesite ya Bethune-Cookman. Koma banja lake silinalimbe, ndipo mbali imeneyi sitikonda kuinena tikamawatama amayi otere. Kuno kwathu, a Rose Chibambo amene nkhope yawo mumaipinda m'kathumba pa K200 anamangidwa mu 1959 atangochira kumene, n'kupita kundende ndi khanda m'manja. A Joyce Banda anakhala mtsogoleri wa dziko lino mu 2012. Pulofesa Address Malata, namwino amene anatsogolera Kamuzu College of Nursing muno mu Lilongwe, anadzapatsidwa udindo woyendetsa yunivesite ya MUST ku Thyolo. Amenewa timawaombera m'manja chifukwa ali patali. Wa m'mlaga mwathu yemwe tikumuona akuthamangira minibasi, ameneyo timamunong'ona.

Kuyambira 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale ana n'kukhamukira kusukulu, amene anyamula mtolo waukulu m'sukulu za mumzinda muno ndi amayi. Lowani m'chipinda cha aphunzitsi ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Area 25, muwerenge nokha. Ngati amatha kuphunzitsa ana athu kuwerenga, chowalepheretsa kukhala pampando n'chiyani? Ndipo mtsikana wa Sitandade 7 amene azakhali ake ayamba kale kumusakira mwamuna, ngakhale lamulo likuti ukwati uziyambira zaka 18, akaona mayi ali hedi amadziwa kuti njira ina ilipo.

Abambo anzanga, apa ndiyankhula nanu mosapsatira. Mutu umodzi susenza denga, koma ambirife denga la pakhomo tasenzetsa mutu umodzi. Malipiro a madamu akalowa timawadziwa tsiku lake, koma mpoto sitidziwa pamene umakhala. Kusambitsa mwana sikuchotsa ndevu. Ine ndinaphunzira kuphika nsima ndili ndi imvi kale, mayi abusa atagonekedwa m'chipatala. Yoyamba inali ya mibulu yokhayokha, ana anadya akuseka, koma palibe anafa. Ndiponso muziwayankha abale anu akamanyoza akazi anu. Kukhala chete pamenepo ndi kuvomereza.

Inu amayi ophunzira, musachite manyazi ndi digiri yanu mukalowa m'tchalitchi, musachitenso manyazi ndi chitenje mukalowa mu ofesi. Zonsezo ndinu. Pokhapo, muziwakumbukira atsikana amene amakusamalirani ana mukakhala kuntchito. Ena mwa iwo ndi a msinkhu wa sukulu, ndipo sizikoma kuti mphunzitsi azisunga pakhomo mwana wosapita kusukulu.

Bwalo la akulu ampingo lagwirizana kuti kuyambira mwezi wamawa Chigwirizano chizikumananso Loweruka loyamba la mwezi, 2 koloko masana, kuti apantchito azipezekapo. Mayina a ojomba sadzawerengedwanso poyera. Atumiki a m'milaga alembe aphunzitsi onse a mpingo uno, tidzawapempherere Sabata loyamba la teremu.

Mayi aja sanakayankhe kalata ija. Ndapempha kuti Lachitatu madzulo abwerenso pamodzi ndi bambo akunyumba. Muwakumbukire m'mapemphero anu.

Ine mbusa wanu mwa Khristu,
Lilongwe.