Azimayi nafenso tinyamule zolemera

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule ndi azimayi anzanga muno mu Lusaka. Ukangotchula zonyamula zitsulo anthu amaseka, ati ndi za anyamata a ku jimu, mzimayi adzaoneka ngati mwamuna. Bodza limenelo, thupi lathu silitupa minofu choncho.

Ena amati timatunga kale madzi, kubereka mwana, kusenza katundu ku Soweto Market, nanga zinazo zachani? Zoona timagwira ntchito koma taonani kagwiridwe kake, mwana mbali imodzi tsiku lonse, msana wopindika pochapa, usiku chiuno chili waa kuwawa. Kutopa si kulimba ayi.

A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa minofu masiku osachepera 2 pa sabata. Sizilira ndalama izi. Zigubu ziwiri za malita 5 zodzaza madzi, chilichonse ndi makilo 5, kunyonyomala n'kudzuka kakhumi, kupuma, kubwerezanso, basi. Mafupa amalimba, ndipo mzimayi akasiya kusamba mafupa amafooka msanga ndiye bola kuyambiratu. Minofu imathandizanso kuti shuga asamachuluke m'magazi.

Koma ine chimandikoka kwambiri ndi kupepuka kwa mtima. Kwathu ku Chilenje timakumana m'mawa ana asanadzuke, thukuta kamukamu, phwete la kuseka, nkhawa za lendi zimayamba zaima kaye ndipo tulo timabwera bwino.

Amene mwangochira kumene, makamaka a opareshoni, yambani mwafunsa anamwino ku kiliniki musanayambe. Azibambo inu, tigwirireniko mwana mphindi 20 zokha chonde.

Mayi wa ana atatu,
Chilenje, Lusaka