Za mahelikopita aja a ku Mogadishu, ana athu akungomva mbali imodzi

Akonzi,

Loweruka lapitali ndinapita kukatenga mdzukulu wanga pa vidiyo sho ina kwathu kuno ku Ndirande. Ndinapeza ana atathithikana pamabenchi, akuonera kanema wa nkhondo ya ku Mogadishu, womasulira uja akuthira ndemanga zake zoseketsa. Msomali akagwa, ana kuwomba m'manja ndi likhweru. Helikopita ya Amereka itagwa, chipinda chonse chinangoti zii ngati pasiwa. N'chifukwa chake ndati ndikulembereni.

Mahelikopitawo ndi a gulu lenileni la asilikali a dziko la America lotchedwa 160th Special Operations Aviation Regiment, lomwe likulu lake lili ku Fort Campbell, ku Kentucky. Eni ake amadzitcha Night Stalkers, chifukwa ntchito yawo n'kuuluka usiku, chapansipansi, atavala magalasi oonera mumdima. Gululi linabadwa chifukwa cha manyazi. Mu Epulo 1980, America inatumiza mahelikopita 8 kuti akapulumutse nzika zake zoposa 50 zomwe zinagwidwa ku Tehran, likulu la dziko la Iran. Ena anawonongeka panjira, fumbi la m'chipululu linasokoneza oyendetsa, ulendo n'kulephereka. Pokonzekera kubwerera, helikopita ina inawombana ndi ndege yonyamula mafuta, asilikali 8 n'kupsa. Apa m'pomwe akuluakulu anaona kuti pakufunika oyendetsa odziwa mdima, ndipo pa 16 Okutobala 1981 gululi linakhazikitsidwa.

Luso lawo sindikulitsutsa ayi. Anamenya nawo nkhondo ku Grenada mu 1983 ndi ku Panama mu 1989, ndipo ndi iwo anatula asilikali pabwalo la nyumba ya Osama bin Laden ku Abbottabad, ku Pakistan, mu Meyi 2011, komwe helikopita imodzi inagwa, asilikali a America n'kuiphulitsa okha. Koma yomwe imandidabwitsa ine ndi ya ku Chad mu Juni 1988. Asilikali a Libya pothawa anasiya helikopita yankhondo yopangidwa ku Soviet Union pamalo otchedwa Ouadi Doum. Amereka anaisirira kuti akaifufuze mkati. Mahelikopita awiri akuluakulu otchedwa Chinook anauluka usiku mtunda wa makilomita pafupifupi 800, n'kuimangirira kunsi ndi zingwe ngati mbuzi yopita kumsika, n'kubwera nayo ku N'Djamena osawombera chipolopolo n'chimodzi chomwe.

Tsono za ku Mogadishu. Pa 3 Okutobala 1993 anthu ozolowera usikuwa anatumidwa masanasana, kukagwira nduna za Mohamed Farrah Aidid, mtsogoleri wa gulu lina lankhondo la Asomali, pafupi ndi msika wa Bakara. Ankati ola limodzi likwana. Asomali anagwetsa mahelikopita awiri a mtundu wa Black Hawk ndi mfuti zoponya mabomba zotchedwa RPG, nkhondo n'kuchezera usiku wonse. Asilikali a America 18 anafa, ndipo woyendetsa wina, Michael Durant, anasungidwa masiku 11. Awa mayina awo ndi odziwika, zithunzi zawo zilipo. Asomali anafa mazanamazana, ndipo ena mwa iwo sanagwire mfuti: amayi ndi ana okhala m'nyumba zoyandikana ndi pomwe mahelikopita anagwera. Omwe anadzatulutsa Amereka m'bandakucha analinso asilikali a Malaysia ndi Pakistan ndi magalimoto awo ankhondo, ndipo Mmalaysia mmodzi anatsikira kuli chete pomwepo. Ndinafunsa mdzukulu wanga ngati akudziwa zimenezi, anangondiyang'ana kukamwa yasa.

Nkhaniyi sinathere ku Somalia. Pulezidenti Bill Clinton anachotsa asilikali ake pofika Marichi 1994. Mwezi wotsatira, kuphana kunayamba ku Rwanda, ndipo boma la America, litapsa kale ku Mogadishu, silinafune kuponda pamoto kachiwiri. Anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100 dziko likungoonerera. Clinton mwini wake anapita ku Kigali mu 1998 n'kukavomera kuti sanachitepo kanthu msanga.

Womasulira wa pa vidiyo sho sindimuimba mlandu, iye akusaka ya ndiwo. Koma inu muli ndi tsamba la nkhani zakunja, lomwe nthawi zambiri mumangodzazamo zomwe mwatola kwa atolankhani a kunja komweko. Pempho langa ndi loti pa 3 Okutobala patsambalo padzakhale nkhani ya Mogadishu m'Chichewa, yowerenga maliro a mbali zonse ziwiri. Ine ndidzagula makope awiri, imodzi ndikasiye pa vidiyo sho paja.

Wowerenga wanu,
Ndirande, Blantyre