Kalata kwa Tadala pa Nkhani Yolemba za Ntchito Yake

Wokondedwa mwana wanga Tadala,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi adzukulu anga kumeneko kwa Kamwendo. Ife kuno ku Mkanda tili bwino, ndipo amayi ako akupereka moni. Mchimwene wako wandiuza kuti wakhala akukulimbikitsa kuti uzilemba pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp zokhudza ntchito ya m'sitolo yako ya zipangizo za ulimi, koma iwe ukuzengereza. Ndasankha kukulembera kalata chifukwa pafoni umafulumira kundiyankha ndisanamalize kulankhula.

Kuzengereza kumeneku si kwa iwe wekha. Anthu ambiri a bizinesi, kuyambira pa Mchinji Boma mpaka ku Kapiri ndi kwa Waliranji, ntchito yawo amaidziwa bwino lomwe, koma ukawauza kuti alembe, manja amawalemera. Ena amaopa kuti adzanenedwa kuti ndi amatama, pakuti kwathu kuno munthu akayamba kuonekera nsanje siichedwa. Ena amaganiza kuti a MRA, bungwe lotolera misonkho, adzawaona ngati olemera kwambiri. Mantha amenewa asakugwire, chifukwa sitolo yako ndi yolembetsa ndipo chiphaso cha kukhonsolo chili pakhoma pamene aliyense amachiona.

Chimene chikukutsekereza kwenikweni, monga ndikukudziwira, ndi Chingerezi. Ukuopa kuti anzako a kusekondale adzaseka ukalakwitsa. Koma kodi feteleza ndi mbewu amagula m'sitolo mwako ndi anzako a kusekondalewo? Amagula ndi alimi a mtedza, soya ndi chimanga, amene umalankhula nawo Chichewa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo palibe amene anabwererapo pakhomo chifukwa sanakumve. Ulembe m'Chichewa chomwecho, monga momwe ungamuyankhire mayi amene waima pa kauntala mwana ali kumsana, akufuna yankho msanga kuti akakwere kabaza.

Palinso maganizo akuti ukalemba zimene ukudziwa, ogulitsa anzako adzakubera nzeru. Apa ndikufuna undimvetse bwino. M'zaka zimene ndinali mlangizi wa zaulimi ndinaona kuti mlimi amabwerera kwa munthu amene anamuuza zoona, ngakhale atapeza katundu yemweyo wotsikirako mtengo kwina. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Ndiponso zambiri zimene umadziwa si chinsinsi ayi, koma kuti sizimafika kwa anthu pa nthawi yake. Kumbukira mmene mbozi za ntchemberezandonda zinatipezera m'nyengo ya 2016/2017, mpaka mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti m'maboma 20 mwagwa tsoka. Anthu ankathira dothi, phulusa, ena msuzi wa usipa pansonga pa chimanga, aliyense kuyesa chimene wamva kwa mnzake. Wogulitsa mankhwala amene akanalemba mizere ingapo yofotokoza kuti munda uziyenderedwa kawirikawiri, kuti mbozi zimafa msanga zikadali zazing'ono, ndiponso kuti kupopera kumathandiza m'mawa kwambiri kapena madzulo, molunjika pansonga pamene mbozi imabisala, bwenzi lero mudzi wonse ukugula kwa iye.

Chimodzimodzinso nkhani ya chuku mu mtedza. Mchinji amadziwika ndi mtedza, koma alimi ambiri amawazabe madzi pa makoko kuti afewe asanayambe kuswa, osadziwa kuti chinyezi chimenecho ndicho chimabweretsa chuku chimene chimadwalitsa anthu ndi kupangitsa ogula akuluakulu kukana katundu. Nthawi yokumba ikadzafika, umenewo ndi mutu wokudikira kale.

Poyambira sipovuta. Ika kope pa kauntala ndipo uzilembamo mafunso amene anthu akukufunsa. Pakatha masabata awiri udzaona kuti mafunso ake ndi omwewomwewo, akungosintha ndi ofunsa. Usankhe limodzi lokha, uliyankhe m'mawu ochepa, kenaka umuwerengere mokweza mnyamata amene amakuthandiza m'sitolo. Pamene iye wakwinya nkhope, ukonze. Uzilemba kamodzi pa sabata, tsiku lomwe si la msika, ndipo nkhani iziyenda ndi nyengo: za mbewu mvula isanagwe, za feteleza wobereketsa wa Urea chimanga chikatha masabata atatu kapena anayi chimerere, za matumba a PICS, osalowa mpweya osungiramo zokolola, nthawi yokolola. Usakhumudwe ngati oyankha ali ochepa, chifukwa alimi ambiri alibe mafoni a intaneti, amawawerengera ndi ana awo, ndipo umboni wake udzauona munthu akadzalowa m'sitolo n'kunena kuti anamva zimene unalemba.

Pali zinthu zimene ndikukuchenjeza monga bambo wako. Usalembe chimene suli nacho chitsimikizo, makamaka muyezo wa mankhwala; utsate zolembedwa pa botolo, ndipo pamene wakayika ufunse alangizi a ku EPA, ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, pakuti mawu olembedwa amayenda kutali ndipo kuwabweza n'kovuta. Ukalemba mtengo, uziikapo tsiku. Ukukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo n'kusintha m'masiku ochepa; munthu akhoza kubwera ndi uthenga wakale pafoni n'kukunena kuti ndiwe wabodza. Usatchule dzina la amene ali nawe ngongole, ngakhale mtima utawawa bwanji, ndipo usanyoze sitolo ya mnzako. Kuwonjezera pa kudanitsa, lamulo la 2016 loyang'anira zochitika pa intaneti limalanga munthu wozunza mnzake kudzera m'mauthenga. Chithunzi cha kasitomala kapena munda wake usachiike usanamupemphe.

Popeza mvula yayandikira, ndikuganiza kuti uyambe ndi mankhwala osakaniza ku mbewu ya soya, monga Nitrofix, chifukwa ambiri amawagula koma amawaononga. Uwafotokozere kuti muli tizilombo tamoyo timene timafa ndi kutentha, choncho paketi isungidwe pozizira, kusakaniza kuchitikire pamthunzi, ndipo mbewu ibzalidwe tsiku lomwelo. Ukalemba, utumize pafoni ya amayi ako kuti ndione anthu ena asanawerenge.

Ndine bambo wako wokukonda.